Akakugwirani ndi liwiro ku Joni: zilango, mapepala ndi ufulu wanu

Kabuku aka talembera Amalawi amene mukuyendetsa galimoto ku South Africa: a Uber ndi Bolt, a mathiraki, operekera katundu pa njinga zamoto, ndi inu amene mwadzigulira kagalimoto kopitira ku ntchito. Olembafe timaperekeza anthu ku polisi ndi ku makhoti, ndipo tatopa kuona abale athu akutaya laisensi ndi ntchito chifukwa chosauzidwa zimene lamulo limanena. Wapolisi amene wakugwirani sakhala pansi kuti akufotokozereni. Kalaliki wa pa khoti amangokulozerani khomo lina. Choncho tiyambira pansi penipeni, ngati kuti simunapondepo m'khoti.

Tinene msanga kuti sitikuikira kumbuyo liwiro. Takhala tikusonkha ndalama zotumizira kumudzi maliro a anthu ogundidwa akuwoloka msewu, ndipo tikudziwa chimene galimoto yothamanga imachita pa thupi la munthu. Koma wolakwa naye ayenera kulangidwa monga mwa lamulo, pa mlandu umene wapalamuladi, m'chinenero chimene akumva.

Tikiti imathera pati, mlandu umayambira pati

Lamulo la pamsewu kuno ndi National Road Traffic Act, nambala 93 ya 1996. Ngati chikwangwani sichikunena zina, malire ndi makilomita 60 pa ola m'tauni, 100 kunja kwa tauni, ndi 120 pa freeway. Basi ndi minibasi zonyamula anthu siziloledwa kupitirira 100 ngakhale pa freeway, ndipo thiraki yoposa matani 9 imalekeza pa 80.

Mukadutsa malirewo pang'ono, imeneyo ndi nkhani ya tikiti. Zinthu zimasintha mukawadutsa ndi makilomita oposa 30 m'tauni, kapena oposa 40 kunja kwa tauni ndi pa freeway. Kunena kwake, 91 pamalo a 60, 141 pamalo a 100, 161 pamalo a 120. Apo palibenso zolemberana tikiti n'kumapita. Akakuimitsani angathe kukumangani pompo, ndipo nkhani imakathera pamaso pa majisitireti. Musaganize kuti izi n'za anyamata a magalimoto odula okha. Pa msewu wotakasuka wa m'tauni, usiku, foni ikulira kuti kasitomala akudikira, 95 imakwana munthu osazindikira.

Pa pepala la mlandu angalembe ndime 59, ya liwiro lokha, kapena ndime 63, ya mayendetsedwe oika ena pangozi. Nthawi zina amalemba zonse ziwiri. Ndime 63 ili ndi misinkhu iwiri imene imalembedwa pa mzere umodzi, reckless ndi negligent. Negligent ndi kulephera kusamala monga akanasamalira dalaivala wabwino aliyense. Reckless ndi kusalabadira n'komwe moyo wa anthu ndi katundu wawo, kaya mwadala kaya mwa kutayirira kopitirira muyeso. Lamulo limauza khoti kuti lisangoyang'ana nambala ya pa kamera. Liyang'anenso mtundu wa msewu ndi mmene unalili, kuchuluka kwa magalimoto amene analipo kapena amene akanayembekezeka pa nthawiyo, ndi mmene inu munkayendetsera. Kuthamanga 100 pa geti la sukulu ana akuweruka sikufanana ndi kudutsa malire pa N1 pakati pa Musina ndi Polokwane msewu uli pululu. Zonsezi ndi milandu, koma boma ndilo liyenera kubweretsa umboni wa msinkhu umene likukunenerani.

Zilango zake

Ndime 89 ndiyo imatchula zilango. Pa reckless ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 6. Pa negligent, mpaka zaka 3. Pa liwiro lokha, mpaka zaka 3. Ndalama sizinalembedwe m'ndimeyi. Amaika ndi majisitireti, ndipo denga lake limawerengedwa pa R40 000 pa chaka chilichonse cha ndende, ndiye kuti R240 000 pa reckless. Amenewo ndi malire a pamwamba. Wopalamula koyamba, amene sanagunde munthu, kawirikawiri amauzidwa kulipira chindapusa, kapena amapatsidwa chilango choimikidwa, chodzagwira ntchito akadzapalamulanso. N'chifukwa chake ambiri amatuluka m'khoti akumwetulira kuti zawayendera. Chilango chenicheni amakachimva patapita miyezi.

Choyamba ndi laisensi. Ndime 35 imati mukapezeka wolakwa pa reckless, kapena pa liwiro loposa malire ndi 30 kapena 40 tatchula uja, laisensi yanu iimitsidwe kwa miyezi yosachepera 6 ngati n'koyamba, zaka zosachepera 5 ngati n'kachiwiri, ndi zaka zosachepera 10 ngati n'kachitatu. Amene alibe laisensi amaletsedwa kutenga kwa nthawi yomweyo. Kwa munthu amene lendi, chakudya ndi fizi ya ana ku Mangochi kapena ku Mzimba zimachokera pa chiwongolero, miyezi 6 imeneyo ndi yolemera kuposa chindapusa chilichonse.

Chachiwiri ndi mbiri ya mlandu, imene imalembedwa pa zidindo za zala zanu ndipo imamatirira ngati chisoso pa thalauzi. Imatuluka pa police clearance. Pemiti ya madalaivala onyamula anthu ndi katundu, PrDP, imakanizidwa kwa munthu amene wapezeka wolakwa pa reckless m'zaka 5 zapitazo, ndipo makampani a Uber ndi Bolt amafufuza mbiri asanakutsegulireni. A Home Affairs nawo amafuna police clearance pa mapemiti ambiri. Immigration Act ya 2002, pa ndime 30, imalola boma kulengeza kuti mlendo ndi wosafunika m'dziko ngati analamulidwa kukhala m'ndende popanda mwayi wolipira chindapusa.

Liwiro likapha munthu, mlandu umakhala wa culpable homicide, kupha mosafuna. Ambiri mukukumbukira woimba Jub Jub, amene mu 2010 ankapikisana liwiro ndi mnzake ku Soweto mpaka ana a sukulu 4 anafa. Poyamba anaweruzidwa kuti anapha mwadala, zaka 25. Pa apilo mu 2014 mlandu unatsitsidwa kukhala wopha mosafuna, zaka 10. Ndipo ngakhale palibe wafa, mwini galimoto imene mwaiphwanya angakusumireni payekha. Road Accident Fund imalipira ovulala, silipira zitsulo.

Pamsewu

Imani, tsitsani galasi, perekani laisensi. Dzina lanu lenileni ndi kumene mukukhala muyenera kunena. Zina zonse simukakamizidwa. Mawu akuti ndimathamangira kasitomala, kapena ndachedwa ku ntchito, amamveka ngati kupepesa, koma ku khoti angawerengedwe ngati kuvomera.

Mwaulemu, pemphani kuona nambala imene makina awonetsa, satifiketi yosonyeza kuti makinawo anayesedwa ndipo nthawi yake sinathe, ndi satifiketi ya amene akuwagwiritsa ntchito. Malangizo a boma okhudza makinawa amalola dalaivala kuona zimenezi. Akakana musakangane nawo, ingosungani m'mutu kuti anakana, mudzauze loya. Onetsetsani dzina la pa chifuwa, nambala ya galimoto yawo, ndi gulu lawo, chifukwa kuno apolisi ndi amitundumitundu: JMPD ku Johannesburg, EMPD ku Ekurhuleni, TMPD ku Tshwane, a chigawo, ndi a SAPS. Sungani malo, nthawi, ndi chikwangwani chomaliza chimene munadutsa.

Mudzamva ena akunena kuti laisensi ya ku Malawi sigwira ntchito kuno. Malamulo amavomereza laisensi ya kunja ngati ndi yosatha nthawi, yolembedwa m'Chingerezi, ndipo ili ndi chithunzi ndi siginecha yanu. Khadi lathu lili nazo zonsezi. Kawirikawiri mawuwo amakhala chiyambi cha nkhani ina.

Nkhani inayo ndi ya cold drink. Kwathu tinazolowera kulipira pamsewu pompo n'kulandira lisiti la GR, ndiye ena amaganiza kuti kunonso ndi chimodzimodzi. Ayi. Wapolisi amene wakuimitsani kuno alibe mphamvu yolandira chindapusa m'manja mwake. Ndalama iliyonse imene mungamupatse pa windo ndi chiphuphu, ndipo lamulo lothana ndi katangale la 2004 limalanga wopereka ndi wolandira mofanana: mpaka zaka 5 ku khoti la majisitireti, mpaka zaka 18 ku regional court. Nyengo ya Pasaka ndi ya Khirisimasi iliyonse boma limalengeza za madalaivala omangidwa chifukwa chotambasula dzanja ndi ndalama. Munthu anali ndi mlandu umodzi wa liwiro, wadzionjezera wachiwiri woposa woyambawo.

Tikudziwa mmene zimakhalira. Usiku, uli wekha, akuuza kuti ukagona m'chitokosi mpaka Lolemba, kuti anthu a kwanu timawabweza. Ena amakwezedwa m'galimoto n'kuzunguliridwa nawo mpaka pa ATM. Kumeneko ndi kuba, kochitidwa ndi anthu ovala yunifomu, ndipo amasankha mlendo podziwa kuti sakadandaula. Akakupemphani, yankhani kuti mulibe, ndipo ngati pali mlandu akulembereni kapena akupititseni ku siteshoni. Pambuyo pake mukhoza kudandaula pa nambala yaulere ya boma ya 0800 701 701, kapena ku IPID, bungwe lofufuza apolisi a SAPS ndi a metro. Pasipoti yanu si chikole. Chilichonse chimene akulandani chilembedwe ndipo mupatsidwe pepala.

Za mapepala a dziko tisabise. Ngati pemiti yanu inatha kapena mulibe, kugwidwa ndi liwiro kungatsegule mlandu wina pa ndime 49 ya Immigration Act, ndipo njira yake ingakathere ku Lindela, malo osungirako anthu obwezedwa kwawo ku Krugersdorp. Ngakhale zili choncho, ufulu wokhala chete, wopeza loya ndi wokaonekera ku khoti ndi wa munthu aliyense womangidwa, wa mapepala ndi wopanda mapepala yemwe. Musatchule dzina la m'bale wanu ngati lanu kapena kuonetsa laisensi ya mnzanu. Zala zidzakuululani, ndipo mudzakhala mwamuika iyenso m'mavuto.

Ku siteshoni

Adzakupatsani pepala la ufulu wanu, SAPS 14A, kuti musayine. Ngati simukumva zimene zalembedwa, nenani. Musatuluke musanadziwe zinthu zitatu: dzina la siteshoni, nambala ya mlandu imene amaitcha CAS, ndi dzina la wapolisi wofufuza. Popanda nambala ya CAS, aliyense amene mudzamufunse adzakuuzani kuti sakukupezani mu kompyuta. Foni, ndalama ndi makiyi zimene akusungirani zilembedwe pa lisiti, ndipo werengani ndalamazo pamaso pawo. Funsani kumene galimoto yapita ndi amene waitenga. Muli ndi ufulu wodziwitsa wachibale ndi loya, komanso wopempha kuti adziwitse ofesi ya kazembe wa Malawi, ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Akafuna sitetimenti, mukhoza kunena kuti mudzalankhula ku khoti, ndipo palibe angakulangeni pa chifukwa chimenecho.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 35, amati womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti silikhala, mumadikira tsiku lotsatira la khoti. Ndiye wogwidwa Lachisanu madzulo angagone mpaka Lolemba. Koma pa mlandu wa liwiro wopanda imfa simuyenera kudikira zonsezo, chifukwa ndime 59 ya Criminal Procedure Act imalola apolisi kupereka belo pa siteshoni pompo. Pemphani. Akati wopereka belo kulibe, funsani wamkulu wa pa shifiti.

Kwathu belo ya polisi ndi yaulere. Kuno imakhala ya ndalama, koma ndalamayo ndi yanu ndithu, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha, kaya mwapezeka wolakwa kaya ayi, bola ngati simunajombe ku khoti. Iperekedwe pa kauntala, ndipo mulandire lisiti la boma la chidindo, lokhala ndi tsiku ndi khoti limene mukaonekere. Ndalama yoperekedwa kuseri kwa siteshoni si belo. Jambulani lisitilo pa foni, tumizani chithunzi kwa anthu awiri, ndipo lenilenilo lisungeni pouma. Chimene chimakanizitsa Amalawi belo kawirikawiri ndi adiresi: amati sakudziwa kumene mukukhala. Wachibale abwere ndi pepala la lendi, kalata ya abwana, kapena chilichonse cholembedwa dzina lanu ndi nyumba.

Pa geti la siteshoni ndi la khoti pamakhala anthu, ena a iwo olankhula Chichewa, amene amati akudziwana ndi wofufuza ndipo failo ingasowe mukapereka kangachepe. Failo yosowa imapangidwanso. Ndalama yanu ndiyo imasowa, ndipo inu, pokhulupirira kuti zatha, mumajomba ku khoti.

Kuvomera mlandu

Apa ndi pamene anthu athu ambiri amagwera, ndipo tikhalapo nthawi.

Mwayi wovomera umabwera m'njira ziwiri. Ku siteshoni angakupatseni pepala la J534 lokhala ndi ndalama yoti mulipire kuti musapite ku khoti. Pa liwiro lalikulu kawirikawiri mwayi umenewu supezeka, koma pa negligent nthawi zina umapezeka. Njira yachiwiri ndi ya pa khonde la khoti, pamene prosecutor, loya wa boma amene akukuzengani mlandu, kapena wina womutumikira, amakuuzani kuti mungovomera, mulipire, muzipita kwanu lero lomwe. Munthu wagona pa simenti, wataya kale masiku a ntchito, akuopa kuti abwana amva. Mawu amenewa amamveka ngati chifundo.

Lamulo limati wolipira chindapusa chovomera mlandu amatengedwa ngati waweruzidwa ndi khoti. Ngati anakudindani zala, yembekezerani kuti mbiri ilembedwa. Makhoti aakulu akhala akufafaniza zilango zotere pamene zaoneka kuti munthu sanachenjezedwe, koma kuti mufike kumeneko pamafunika loya, ndalama ndi miyezi. N'zopweteka kuti chenjezo la mphindi imodzi, limene wapolisi akanapereka pa kauntala, munthu amakalimva kwa kalaliki wa PrDP pamene akumubweza.

Sitikunena kuti musavomere konse. Ngati umboni ndi wokwanira, kuvomera kungachepetse chilango. Tikunena kuti musavomere tsiku loyamba, muli nokha, musanaone umboni. Mlandu ukaitanidwa, pemphani zinthu zitatu kwa majisitireti mwini wake, osati kwa wapolisi wa pakhomo.

Pemphani womasulira. Ndime 35 ya malamulo aakulu imakupatsani ufulu wozengedwa m'chinenero chimene mukumva, kapena kumasuliridwa. Abale, Chingerezi chokambirana ndi kasitomala m'galimoto si Chingerezi cha m'khoti, ndipo palibe chochititsa manyazi kunena kuti mukufuna Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka. Akakubweretserani womasulira Chishona kapena Chizulu poti mumamvako pang'ono, kanani. Adzakuuzani kuti womasulira Chichewa kulibe ndipo mlandu uchedwa. Kupeza womasulira ndi ntchito ya khoti. Kuchedwa kwa mwezi umodzi sikungafanane ndi mbiri ya zaka 10.

Pemphani loya wa Legal Aid South Africa ngati simungathe kulipira wanu. Amathandiza ndi alendo omwe pa milandu ya upandu, atafufuza kaye mapezedwe anu. Nambala yawo yaulere ndi 0800 110 110. Akakukanani, funsani chifukwa ndi njira yodandaulira, ndipo yesani malo othandiza za malamulo a ku mayunivesite monga Wits Law Clinic.

Pemphani kope la failo ya mlandu, imene kuno amaitcha docket. Khoti la malamulo aakulu linagamula mu 1995 kuti wozengedwa ali ndi ufulu woona umboni wa boma. M'menemo ndi mmene mudzaone ngati satifiketi ya makina ilipo, ngati wapolisi analemba za magalimoto ena ndi mmene msewu unalili, kapena ngati pali nambala yokha ya liwiro imene aipachikapo dzina la reckless.

Mukaona umboni, inu kapena loya wanu mukhoza kulemba kalata kwa prosecutor wamkulu wa pa khotilo, yopempha kuti mlandu uchotsedwe, utsitsidwe, kapena mutumizidwe ku maphunziro ndi ntchito yothandiza anthu m'malo mozengedwa, monga imene amayendetsa a NICRO. Njira yomalizayi ikatheka, mlandu umachotsedwa popanda mbiri. Si ufulu, ndi pempho, ndipo angakane. Kalatayi salipiritsa. Lembani makope awiri, limodzi adinde chidindo cha tsiku n'kukubwezerani, chifukwa kalata yopanda chidindo imadzasanduka kalata imene sinafike.

Ngati mwasankha kuvomera, funsani momveka kuti mukuvomera ndime iti, ndipo ngati ndi 63, msinkhu uti. Kungoyankha kuti guilty pa mzere wolembedwa reckless or negligent ndi kusiyira ena kuti akusankhireni. Pa negligent, ndime 35 ya lamulo la pamsewu siikakamiza kuimitsa laisensi, ngakhale khoti lili ndi mphamvu yotero likafuna. Pa reckless imakakamiza.

Ndipo ngakhale mwapezeka wolakwa, khomo limodzi limatsala. Ndime 35 yomweyo, pa kachigawo 3, imalola majisitireti kulamula kuti laisensi isaimitsidwe, kapena iimitsidwe nthawi yochepa, ngati wamva umboni wolumbira wosonyeza kuti mmene mlandu unachitikira simukuyenera chilango chimenecho. Kachigawo 4 kamamulamula kuti akuuzeni za mwayi umenewu asanapereke chilango. Ena amanena mothamanga, womasulira n'kudumpha, wozengedwa n'kungogwedeza mutu. Imikani dzanja, nenani kuti mukufuna kupereka umboni pa nkhani ya laisensi. Kulankhula muli chiimire pamalo a wozengedwa sikukwanira. Muyenera kulowa m'bokosi la mboni n'kulumbira. Lamulo likufunsa za mmene zinachitikira, choncho bwerani ndi zogwirika: kalata ya kuchipatala ngati munanyamula wodwala, chithunzi cha chikwangwani chobisika m'mitengo, mboni imene munali nayo m'galimoto. Za ntchito yanu ndi ana amene mumawadyetsa nenaninso, ndi kalata ya abwana m'manja, koma musadalire zimenezo zokha. Musapeke nkhani, chifukwa kunama mutalumbira ndi mlandu pawokha. Laisensi mubwere nayo ku khoti. Ikaimitsidwa, kuyendetsa galimoto pa nthawiyo ndi mlandu watsopano.

Mlandu ukamangosunthidwa

Konzekerani kubwera kangapo. Lero docket sinabwere, mwezi wamawa wofufuza ali pa tchuthi, kenako womasulira sanalipidwe ndiye sanabwere. Tsiku lililonse lotere inu mwataya ndalama ya tsiku, ndipo palibe amakupepesani. Fikani m'mawa ndithu, yang'anani dzina lanu pa mndandanda wa pakhomo, poganizira kuti maina athu amalembedwa molakwika, ndipo yerekezani ndi nambala ya mlandu. Musachoke pa mawu a munthu wa pakhonde. Tsiku lotsatira mulimve kwa majisitireti, mulilembe. Sungani kabuku kolemba tsiku lililonse ndi chifukwa chimene mlandu wasunthidwira. Kuchedwa kukapitirira, ndime 342A ya Criminal Procedure Act imalola khoti kufufuza, ngakhale kuchotsa mlandu pa mndandanda. Ukachotsedwa, pemphani pepala lotsimikiza kwa kalaliki, ndipo dziwani kuti kuchotsedwa si kupezeka wosalakwa. Boma lingakuitaneninso.

Mukajomba, khoti limatulutsa chikalata chokumangani ndipo belo imagwidwa. Muli ndi masiku 14 oti muonekere n'kufotokoza, apo ayi ndalama yapita. Chikalatacho sichifa chokha ngakhale papite zaka. Kukagwa maliro kumudzi, kapena mukufuna kupita pa Disembala, uzani loya kapena khoti musanakwere basi.

Ikakujambulani kamera

Si onse amaimitsidwa. Pa misewu ina, monga mbali za N1 ndi N3, makamera amawerenga nthawi imene mwatenga pakati pa malo awiri, ndiye kuponda buleki pa kamera sikuthandiza. Liwiro likakhala loposa malire aja, kumabwera samani ya J175 yokuitanirani ku khoti, ndipo zonse tanena pamwambapa zimagwira ntchito. Ndime 73 ya lamulo la pamsewu imati mwini galimoto ndiye amaganiziridwa kuti ankayendetsa, pokhapokha atabweretsa umboni wotsutsa. Inu obwereketsa galimoto, ndi inu amene munalembetsa galimoto ya mnzanu m'dzina lanu poti iye alibe mapepala, lembani tsiku ndi tsiku amene watenga makiyi.

Chigamulo chikaperekedwa

Ngati simukugwirizana nacho, muli ndi masiku 14 opempha chilolezo cha apilo. Chindapusa lipirani ku ofesi ya ndalama ya pa khoti, mulandire lisiti. Belo amabwezera amene dzina lake lili pa lisiti, atabwera ndi lisiti lenileni ndi chiphaso chake. Likasowa adzakutumani kukalumbira kalata ku polisi, ndipo mudzayenda maulendo.

Mbiri ya mlandu ingafafanizidwe pakatha zaka 10, pa ndime 271B ya Criminal Procedure Act, ngati chilango chinali chindapusa chosaposa R20 000 kapena ndende yoimikidwa yonse, ndipo m'zaka zimenezo simunalamulidwe kukhala m'ndende popanda mwayi wa chindapusa. Choncho pa tsiku la chilango kumbutsani loya wanu za malire a R20 000 amenewa, chifukwa chindapusa chodutsa pamenepo chimatseka njirayi. Pempho limapita ku unduna wa za chilungamo ku Pretoria, pamodzi ndi police clearance yatsopano, ndipo undunawo sulipiritsa. Amene amalengeza pa Facebook ndi WhatsApp kuti angafufute mbiri yanu zaka 10 zisanakwane akufuna ndalama yanu, ndipo dzina lanu lidzatulukabe tsiku limene mudzadindenso zala.